Zimene Amasakaniza M'pulasitiki ndi Mmene Zimakhudzira Kulimba kwa Katundu

Unduna ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse kuti katundu wa pulasitiki amene akuoneka wofanana pamsika sakhala wofanana pa kulimba. Chidebe china chimatumikira banja kwa zaka, pomwe chinzake chimang'aluka dzinja lisanathe. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu zimene amasakaniza m'pulasitiki popanga katunduyo. Kudziwa zinthuzi kungathandize wogula kupewa kutaya ndalama, mbewu ngakhalenso thanzi.

Mitundu ya pulasitiki

Pulasitiki ili m'mitundu yosiyanasiyana, ndipo katundu wambiri amakhala ndi nambala yosonyeza mtundu wake kunsi kwake. Nambalazi, zoyambira 1 mpaka 7, zinayamba kugwiritsidwa ntchito ku America m'chaka cha 1988. Nambala 1 ndi PET ya mabotolo a zakumwa. 2 ndi HDPE ya zigubu. 3 ndi PVC ya mapaipi. 4 ndi LDPE ya mapepala ofewa a pulasitiki. 5 ndi PP ya matumba oluka a chimanga ndi feteleza. 6 ndi PS. Ndipo 7 imaimira mitundu ina yonse. Komabe nambalayi simanena zonse, chifukwa kufakitale pulasitiki saigwiritsa ntchito payokha. Amaisakaniza m'njira zitatu.

Kusakaniza mitundu iwiri

Njira yoyamba ndi kuphatikiza mitundu iwiri kuti wina ukwaniritse chimene unzake ulibe. Pulasitiki ya PS payokha imasweka ngati galasi, koma akaiphatikiza ndi labala pang'ono imapirira kugundidwa, ndipo ndi imene amakutira nayo mkati mwa mafiriji ambiri.

Koma si mitundu yonse imene imagwirizana. HDPE ndi PP zikasungunulidwa pamodzi sizilowererana bwino, monga mmene madzi amakanirana ndi mafuta, choncho katundu wake amakhala ndi malo ofooka amene amayambira kung'aluka. Nayonso PVC, ngakhale itachepa chotani, imaononga PET ikasungunulidwa nayo. Ichi ndi chifukwa chake otolera pulasitiki yakale ayenera kuisankha potsata mitundu asanaigulitse. Dziwaninso kuti pulasitiki imafookerako nthawi iliyonse imene yasungunulidwanso.

Ufa wowonjezera

Njira yachiwiri ndi kuthiramo ufa wa miyala, makamaka wa mwala wa laimu. Ufawu ndi wotchipa kuposa pulasitiki, motero umatsitsa mtengo wopangira katundu. Ukathiridwa pa mlingo woyenera ulinso ndi ubwino wake: umachititsa katundu kuuma ndi kusapindika msanga, ndipo m'matumba oluka umathandiza kuti ulusi usamanyenyeke. Ukachuluka, katundu amaleka kutamuka, ndipo beseni kapena mpando umathetheka ukangogwa.

Mwala wa laimu umalemera pafupifupi katatu kuposa pulasitiki ya HDPE kapena PP. Choncho kulemera kwa chidebe si umboni wakuti ncholimba. Kachidutswa ka HDPE kapena PP kopanda ufa kamayandama pamadzi, pomwe kokhala ndi ufa wambiri kamamira. Kuyesa kotereku sikuthandiza pa PVC ndi PET, chifukwa mitundu imeneyi imamira ngakhale ilibe ufa.

Mankhwala owonjezera

Njira yachitatu ndi kuthiramo mankhwala ochepa amene amasintha khalidwe la pulasitiki. Ofunika kwambiri kwa mlimi ndi oteteza kudzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumadula timaunyolo timene timagwirizanitsa pulasitiki, ndipo n'chifukwa chake thumba loluka likakhalitsa panja limasuluka, kenako n'kufumbutuka ngati ufa. Mapaipi akuda a ulimi wamthirira amapirira dzuwa chifukwa amathiramo mwaye wapadera, wokwana pafupifupi magawo awiri pa magawo 100 aliwonse. Mapaipi a PVC otuwa kapena oyera amayamba kuthetheka akakhalitsa padzuwa, choncho ndi bwino kuwakwirira pansi kapena kuwapaka penti.

Pali mankhwala enanso ofewetsa. PVC payokha ndi youma, koma akaithira mankhwalawa imasanduka paipi yofewa yothirira m'dimba, jombo kapena chokutira mawaya a magetsi. Mankhwalawa amatuluka pang'onopang'ono, makamaka pakatentha kapena akakhudzana ndi mafuta, ndipo n'chifukwa chake paipi yakale imauma n'kusweka. Ena mwa mankhwala ofewetsa ndi opatsa mtundu sayenera kukhudzana ndi chakudya.

Palinso majumbo amene amathiramo mankhwala owachititsa kuphwanyika msanga padzuwa. Majumbo oterewa sawola ngati manyowa. Amangosweka kukhala tizidutswa ting'onoting'ono totsalira m'nthaka ndi m'madzi. Mayiko a m'bungwe la European Union analetsa pulasitiki yamtunduwu kuyambira m'chaka cha 2021. Kuno kwathu, boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 m'chaka cha 2015, ndipo Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019.

Zoyenera kutsata

Posunga mbewu, kumbukirani kuti matumba a PICS amapha anankafumbwe powamana mpweya. Matumbawa ali ndi zigawo ziwiri za HDPE mkati ndi thumba loluka la PP kunja. Chigawo chamkati chikabooka kapena kufooka ndi dzuwa, mpweya umalowa ndipo tizilombo timaswana. Asungeni pamthunzi, pamwamba pa thandala, kutali ndi makoswe.

Pogula thanki, mapaipi kapena mapepala ofolera malo olimiramo mbewu, funsani ngati katunduyo ali ndi chitetezo cha dzuwa, ndipo yang'anani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards.

Musaike nsima, phala, tchipisi kapena chakudya china chotentha m'majumbo amene sanapangidwire chakudya. Musasungire madzi akumwa, mkaka kapena mafuta ophikira m'zigubu zimene munali mankhwala ophera tizilombo, popeza pulasitiki imamwa mankhwalawo ndipo kutsuka sikuwachotsa onse. Musaotche PVC, chifukwa utsi wake uli ndi poizoni.

Kwa amalonda, Unduna ukukumbutsa kuti katundu wotchipa amene amasweka pa miyezi yochepa amathamangitsa makasitomala. Funsani kwa amene mumaodako za mtundu wa pulasitiki ndi ntchito imene katunduyo anapangidwira, ndipo musasiye zidebe ndi mabeseni ogulitsa padzuwa tsiku lonse. Amene akufuna uphungu wina angathe kufunsa alangizi a zaulimi kapena ofesi yoona za chilengedwe ya m'boma lawo.