Mfuti ya Makarov: mbiri yake, kudalirika kwake ndi udindo wa mwini wake

Makarov ndi mfuti yaing'ono ya m'manja, ya mtundu umene ambiri amaucha kuti pisito. Asilikali ndi apolisi a dziko la Soviet Union anayamba kuinyamula m'caka ca 1951, ndipo mwacidule imalembedwa kuti PM. Kwa zaka pafupifupi 40 inali mfuti ya boma m'maiko ambiri a Cikomyunizimu. Pamene mkangano wa maiko a kum'mawa ndi a kumadzulo unatha, zikwi zambiri za mfutizi zinagulitsidwa kwa anthu wamba ku United States of America pa mtengo wochipa, ndipo kumeneko zinachuka kuti ndi mfuti zosakana kulira.

Ciyambi cake

Anaipanga ndi Nikolay Makarov, katswiri wa zida amene anabadwa mu 1914 ndipo anamwalira mu 1988. Iye anali kugwira nchito mumzinda wa Tula, kumene kwakhala kukusulidwa mfuti kwa zaka mazana. Nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse itatha mu 1945, akuluakulu a nkhondo a Soviet Union anafuna pisito yatsopano yolowa m'malo mwa Tokarev TT-33. Tokarev inali yamphamvu, koma inali yotalikirapo, ndiponso inalibe loko weniweni woichinjiriza kuti isalire mwangozi. Akatswiri angapo anapikisana, ndipo mfuti ya Makarov ndiyo inapambana pa mayeso. Nchito yoipanga moculuka inapatsidwa ku fakitale ya mumzinda wa Izhevsk.

Makarov anatengerako nzeru ku pisito ya ku Germany yochedwa Walther PP, ya mu 1929, koma anaifewetsa kwambiri pocepetsa zidutswa zake.

Kapangidwe kake

Mfutiyi imalemera magalamu 730 ikakhala yopanda zipolopolo. Utali wake ndi mamilimita 161, ndipo mpope wake ndi wa mamilimita pafupifupi 93. Magazini yake, kabokosi kolowa m'cigwiriro, imatenga zipolopolo 8 za mtundu wa 9×18mm, zimene anazipanga ndi Boris Semin. Cipolopolo cimacoka mumpope pa liwiro la mamita pafupifupi 315 pa sekondi, ndipo asilikali anali kuiwerengera kuti imagwira bwino nchito kufikira pa mamita 50.

Mpope wake ngomangika ku thupi la mfuti, sugwedezeka. Mfuti ikalira, mphamvu ya wonga imakankhira m'mbuyo citsulo ca pamwamba, khoko la cipolopolo limatayidwa kunja, kenaka sipiling'i yokulunga mpope imabweza citsuloco kutsogolo cikukankha cipolopolo cina. Palibe zomangira zina zocolowana monga zimene zimapezeka m'mapisito a zipolopolo zamphamvu kwambiri.

Cifukwa cake ndi yodalirika

Cinsinsi ca mfutiyi ndi kucepa kwa zidutswa. Makarov anapatsa cidutswa cimodzi nchito ziwiri kapena zitatu. Sipiling'i ya m'cigwiriro imaponya kanyundo, ndipo kunsonga kwake ndiko kumagwira magazini kuti isagwe. Kacitsulo kamene kamaimitsa citsulo ca pamwamba zipolopolo zikatha ndi komwenso kamataya makoko. Pamene pali zidutswa zocepa, pamakhalanso zocepa zothyoka.

Caciwiri, m'kati mwa mpope anamatamo citsulo ca kromu cimene sicigwidwa msanga ndi dzimbiri. Cacitatu, zidutswa zake sizinathinanitsidwe kwambiri, kotero kuti fumbi, matope ndi cisanu ca ku Russia siziiletsa msanga kugwira nchito. Msilikali angathe kuiphwasula ndi kuipukuta popanda cida ciliconse. Popeza mpope wake sugwedezeka, mfutiyi imalunjikanso bwino poyerekeza ndi kucepa kwake.

Zofooka zake

Ngakhale zili tero, Makarov ili ndi zofooka zimene eni ake amazidziwa. Powombera koyamba, kanyundo kasanakokedwe, cala cimafunika mphamvu zambiri, ndipo wosazolowera amaphonya. Tizizindikiro tolozera tili tating'ono, tovuta kutiona kukamada. Kogwirira magazini kali pansi pa cigwiriro, motero kusintha magazini kumacedwa ndipo kumafuna manja awiri. Zipolopolo 8 nzocepa poyerekeza ndi mapisito amakono amene amatenga 15 kapena 17, komanso cipolopolo cake ncofooka poyerekeza ndi 9×19mm ca maiko a NATO.

Zifukwa zimenezi ndizo zinacititsa dziko la Russia kuvomereza pisito ina, ya Yarygin, mu 2003. Komabe Makarov sinacoke msanga m'manja mwa asilikali ndi apolisi a kumeneko, cifukwa zinalipo zambirimbiri ndipo sizinali kuonongeka.

Maiko ena amene anaipanga

Kuwonjezera pa Soviet Union, maiko enanso anapanga mfutiyi. Ku East Germany inapangidwa mumzinda wa Suhl, ndipo osonkhanitsa mfuti zakale amati zimenezi ndizo zosalala ndi zokongola koposa. Ku Bulgaria inapangidwa mumzinda wa Kazanlak, ndipo imadziwika ndi cizindikiro ca nambala 10 yozunguliridwa. Ku China inapangidwa ndi dzina lakuti Type 59.

Palinso mapisito ena amene amadya cipolopolo comweco ca 9×18mm koma si Makarov: P-64 ndi P-83 za ku Poland, PA-63 ya ku Hungary, ndi vz. 82 ya ku Czechoslovakia imene imatenga zipolopolo 12. Ogulitsa ena amazicha kuti Makarov pofuna malonda, koma zidutswa zake ndi magazini ake sizilowana.

Mmene inafikira ku America

Kuchipa kwa Makarov kunabwera ndi ndale. Mu Okutobala 1990 maiko awiri a Germany anagwirizana kukhala dziko limodzi, gulu la nkhondo la East Germany linathetsedwa, ndipo zida zake zinatsala m'nkhokwe zopanda ozigwiritsa nchito. Mu 1991 Soviet Union inagawanika, ndipo mafakitale a zida ku Russia ndi ku Bulgaria anasowa ndalama. Amalonda a ku America anagula mfutizi moculuka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zambiri zinali kugulitsidwa pa mtengo wosafika madola 200. Anthu opeza zocepa anapeza pisito yolimba pa ndalama zocepa kwambiri kuposa za pisito yatsopano.

Lamulo la ku America la mu 1968 lochedwa Gun Control Act limafuna kuti pisito yocokera kunja ioneke kuti njoyenera masewera owombera. Pacifukwa cimeneci fakitale ya ku Izhevsk inapanga mtundu wa anthu wamba wochedwa IJ-70, wokhala ndi kolozera kosinthika, ndipo inaugulitsa m'dzina la Baikal. Lamulo limafunanso kuti kampani yoitanitsa mfuti idinde dzina lake pa mfuti iliyonse, kuti apolisi athe kulondola kumene inacokera.

Cimene cinakweza mtengo

Ndale zomwezo ndizo zinatsekanso khomo. Mu 1994 boma la Pulezidenti Bill Clinton linaletsa kuitanitsa mapisito ndi zipolopolo kucokera ku China. Mu 1996 America ndi Russia anasainirana pangano limene linaimitsa kulowa kwa mitundu yambiri ya mfuti za ku Russia, kuphatikizapo IJ-70. Za ku East Germany zinatha m'nkhokwe, ndipo za ku Bulgaria zinayamba kucepa. Lero Makarov yosungidwa bwino imagulidwa pa mtengo wowirikiza kangapo wa m'zaka zija, ndipo ambiri amaigula monga cikumbutso ca mbiri.

Zipolopolo nazonso zinakwera. Kwa zaka zambiri zochipa zinali kucokera ku Russia, koma mu Ogasiti 2021 boma la America linalengeza kuti silidzaperekanso zilolezo zatsopano zoitanitsa zipolopolo za kumeneko. Eni ake tsopano amadalira makampani monga Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, Prvi Partizan ya ku Serbia ndi Fiocchi ya ku Italy.

Udindo wa mwini

Cinthu coyamba cimene mwini Makarov ayenera kudziwa ndi cipolopolo. Ngakhale kuti dzina lake limayamba ndi 9, cipolopolo ca 9×18mm ncokulirapo m'mimba mwake, mamilimita pafupifupi 9.27, ndipo sicisinthana ndi 9×19mm kapena .380 ACP. Kuika cipolopolo cosayenera kungaononge mfuti ndi kuvulaza woigwira.

Caciwiri ndi ukhondo. Zipolopolo zina zakale za asilikali zimasiya mcere mumpope, umene umaitana dzimbiri ngati mfuti siinapukutidwe tsiku lomwelo. Ndiponso kamsomali komenya cipolopolo kalibe sipiling'i yokabweza. Mfuti zocokera m'nkhokwe zimabwera zopakidwa girizi wambiri, ndipo girizi akauma nakanirira kamsomali kameneka, mfuti ingalire yokha pamene cipolopolo cikulowa mumpope. Ncifukwa cake mfuti yakale iyenera kuonedwa ndi katswiri isanagwiritsidwe nchito.

Cacitatu ndi lamulo ndi kasungidwe. Ku America, wogula pisito kwa wamalonda wa cilolezo amayamba wafufuzidwa mbiri yake kudzera m'dongosolo la FBI limene linayamba mu 1998, ndipo madera ena ali ndi malamulo awoawo owonjezera. Koma ngozi yaikulu ili m'nyumba. Mwa anthu amene amafa ndi mfuti m'dzikolo caka ndi caka, oposa theka amakhala odzipha okha. Mfuti yosakana kulira simasankha dzanja: imalira cimodzimodzi kwa mwini, kwa mwana kapena kwa mbala. Motero akatswiri amalangiza kuisunga yopanda zipolopolo, m'bokosi lokhoma, zipolopolo zili pena.

Makarov kum'mwera kwa Africa

Mfutiyi inafikanso m'cigawo cino m'nthawi ya nkhondo zomenyera ufulu. Soviet Union ndi maiko ogwirizana nayo anapereka zida ku magulu monga Umkhonto we Sizwe, gulu la nkhondo la cipani ca ANC cimene likulu lake linali mu Lusaka, ndipo pakati pa zidazo panali mapisito a Makarov ndi Tokarev. Nkhondo zitatha, zida zambiri zinatsala m'manja osayenera. Kuyambira mu 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique anagwirizana pa nchito yochedwa Operation Rachel yofukula ndi kuononga zida zobisidwa, ndipo mu Ogasiti 2001 maiko a SADC anasaina ku Blantyre pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo.

Muno mu Zambia, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu pansi pa lamulo la Firearms Act, Mutu 110 wa Malamulo a Zambia. Aliyense wopeza mfuti yotere, ngakhale ioneke yakale ndi yadzimbiri, ayenera kudziwitsa apolisi m'malo moiseweretsa, pakuti Makarov imene yagona zaka zambiri ingathebe kulira.