Nthochi ya pakhoma ndi mphaka wokwinya nkhope

Nthochi imene Maurizio Cattelan anaimata pakhoma ndi tepi pa chionetsero cha Art Basel ku Miami mu Disembala 2019 inagulidwa madola 120,000. Mu Novembala 2024 ntchito yomweyo, yotchedwa Comedian, inagulidwanso pa okishoni ya Sotheby's ku New York pa madola 6.2 miliyoni, ndipo wogulayo, Justin Sun, anaisenda nkuidya atolankhani akuona. Sanawononge kanthu. Iye anagula chikalata chomuloleza kumata nthochi ina iliyonse pakhoma nkuitcha Comedian, pamodzi ndi malangizo a kamatidwe kake. Nthochi ikada amaichotsa nkuikapo ina.

Akatswiri amatcha zoterezi conceptual art, luso limene phindu lake lili m'ganizo, osati m'manja mwa mmisiri. Kholo lake ndi Marcel Duchamp. Mu 1917 iye anatenga chokodzeramo amuna chogula kusitolo, anachigoneka chagada, analembapo dzina lopeka la R. Mutt, nkuchitumiza ku chionetsero ku New York pa dzina loti Fountain. Zinthu zotere ankazitcha readymade: chinthu chopangidwa kale kufakitale, chimene waluso sachisema kapena kuchiumba, amangochisankha nkuchisamutsa. Kusamutsako ndiye ntchito yonse, ndipo mawu ambiri a m'bwalo la luso loseketsali akufotokoza njira zosiyanasiyana zochotsera chinthu pamalo pake nkuchiika pamene sichiyembekezeka.

Mmalawi Samson Kambalu anachita zimenezi ndi Holy Ball, mpira wamiyendo wokutidwa ndi masamba a Baibulo, umene amaitana anthu kuti aumenye. Mpira si wachilendo, Baibulo liliponso pafupifupi m'nyumba iliyonse. Koma ziwirizi zikakhala chinthu chimodzi, phazi limayamba lazengereza, munthu nkudzifunsa ngati akusewera kapena akuchimwa. Kwa ine kuzengerezako kukuposa nthochi ya Cattelan kutalitali, chifukwa nthochi ija imangoseka msika wa anthu olemera, pamene mpirawu umakhudza woonerayo mwini wake.

Njira ina ndi kusintha msinkhu. Florentijn Hofman wa ku Netherlands anatenga kabakha kachikasu kamene ana a ku Ulaya amaseweretsa posamba nkukakuza. Kamene kanayandama padoko la Hong Kong mu 2013 kanali kotalika mamita 16.5, ndipo anthu anakhamukirako kukajambulitsa. Jeff Koons wa ku America amatengera tiagalu topota ndi mabaluni, nkupanga chigalu chachitsulo chonyezimira chotalika kuposa munthu. Chimodzi mwa izo, Balloon Dog chamtundu wa lalanje, chinagulidwa madola 58.4 miliyoni mu 2013. Apa pamabwera mawu a Chijeremani akuti kitsch. Poyamba anali mawu onyoza zokongoletsa zotchipa, zongofuna kusangalatsa maso, zonga maluwa apulasitiki ndi tiziboliboli ta m'kabati ya pabalaza. Koons anatola zonyozekazo nkuzilowetsa m'nyumba zosungiramo zaluso, moti lero wina akati ntchito yakuti ndi kitsch uyenera kumvetsera kamvekedwe ka mawu ake kuti udziwe ngati akunyoza kapena akutama.

Okonza ziwiya nawo amasewera. Chofinyira mandimu cha Philippe Starck, Juicy Salif, chimene kampani ya Alessi inatulutsa mu 1990, chimaima pa miyendo itatu yaitali ngati chilombo cha m'nyanja. Ambiri amadandaula kuti madzi a mandimu amamwazika, koma chimagulidwabe, chifukwa ogula amafuna chokambirana ndi alendo.

Pa intaneti kusamutsa kuja kunasiya kukhala kwa akatswiri okha. Amene anapeka mawu akuti meme ndi wasayansi Richard Dawkins mu 1976 m'buku lake The Selfish Gene, pofuna dzina la kanthu ka chikhalidwe kamene kamafala pokoperana, monga kanyimbo kapena kavalidwe. Lero tikati meme tikunena chithunzi chimene aliyense amachitenga nkuchipatsa mawu akeake. Chili ndi zigawo ziwiri. Pali template, chikombole chimene sichisintha, ndiye pali caption, mawu olembedwa pamwamba kapena pansi. Chithunzi cha mbuzi itatuzula maso pachokha sichinena kanthu. Ulembepo za tsiku lolipira lendi, chasanduka nkhani. Masitika amene timaponyerana pa WhatsApp ndi ana a mtundu womwewu.

Amphaka ndiwo anatsogola. Cha m'ma 2007 kunatchuka ma lolcat, zithunzi za amphaka zolembedwa Chingelezi chopotoza dala, m'zilembo zoyera zonenepa zotchedwa Impact. Komatu nthabwalayi ndi yakale kuposa kompyuta: m'zaka za m'ma 1870 Harry Pointer wa ku Brighton ankagulitsa kale timakhadi ta zithunzi za amphaka tokhala ndi mawu oseketsa. Chatsopano ndi liwiro basi, limene amalitcha viral, kufala ngati chimfine. Ife timangoti chithunzi chawanda. Galu wa ku Japan dzina lake Kabosu anajambulidwa mu 2010 atakhala pa sofa akuyang'ana cham'mbali. Mu 2013 nkhope yake inawanda pa dzina loti Doge, ndipo chaka chisanathe inali itasanduka chizindikiro cha ndalama ya pa intaneti ya Dogecoin, imene eni ake anaiyambitsa ngati nthabwala.

Chifukwa chiyani nyama zina zimawanda, zina ayi? Konrad Lorenz, katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Austria, anafotokoza mu 1943 chimene anachitcha Kindchenschema, maonekedwe a khanda: mutu waukulu, maso aakulu, masaya otupa, miyendo yaifupi. Munthu akaona zimenezi mtima umafewa asanaganize nkomwe. Anthu a ku Japan ali ndi mawu akuti kawaii, ndipo anamangapo malonda aakulu, Hello Kitty wa kampani ya Sanrio, wa mu 1974, kukhala chitsanzo chodziwika kwambiri. Moo Deng, kamwana ka mvuu za mtundu waung'ono kobadwa mu Julayi 2024 kumalo osungira nyama a Khao Kheow ku Thailand, kanali ndi zonsezi, kuphatikizapo kupsa mtima kwa khanda. Namzeze kapena kakhwangwala alibe mwayi umenewu.

Mawu olemera kwambiri pa onsewa ndi anthropomorphism, kuveka nyama maganizo a munthu. Amene anakula akumva nthano za Kalulu ndi Fisi safunika kuwaphunzitsa zimenezi. Kusiyana kwake nkwakuti m'nthano tonse timadziwa kuti fisi wadyera uja ndi munthu wa m'mudzi mwathu, ndipo palibe fisi weniweni amene wavutika. Pachithunzi pali nyama yamoyo, ndipo mawu amene tailembera kawirikawiri amanama. Grumpy Cat, mphaka wa ku Arizona amene anatchuka mu 2012 nkufa mu 2019, sanali wokwiya. Nkhope yake inakwinyika chifukwa anabadwa wopinimbira ndiponso chibwano chake chinali chotuluka. Pamenepo bodzalo silinapweteke aliyense. Koma chimpanzi chikaonetsa mano onse ngati chikumwetulira, nthawi zambiri chimakhala ndi mantha. Slow loris, kanyama ka maso aakulu ka ku Asia, kakakweza manja pamene akukagirigisha sikakusangalala: kakufuna kunyambita ululu wa m'mikono mwake kuti kadziteteze. Mavidiyo ake atawanda anthu anayamba kukafuna kuti akawete, ndipo ogulitsa amakazula mano. Nchifukwa chake ndimaona kuti mpikisano wa Comedy Wildlife Photography Awards, umene Paul Joynson-Hicks ndi Tom Sullam anauyambitsa mu 2015, unasankha bwino: nyama imajambulidwa kutchire ikuchita zake, wojambula nkudikira mpaka nthabwala ibwere yokha.

Kwatsala mawu a maloya, copyright, umwini wa chithunzi. Meme imakhala ndi moyo chifukwa anthu amaikopera osapempha, koma ndalama zikangolowapo mwini amatulukira. Mlandu wodabwitsa unayambira mu 2011 pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, pamene nyani wina anadina kamera ya David Slater wa ku Britain nkudzijambula yekha mano ali pamtunda. Chithunzicho chinawanda, Slater nkumati ndi chake poti ndiye anatchera kamera. Mu 2015 bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linakasuma ku America m'dzina la nyaniyo, amene linamutcha Naruto, likuti wodina ndiye mwini. Mu 2017 Slater anavomera kupereka gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za zithunzizo ku mabungwe oteteza anyani a mtunduwo, ndipo mu 2018 khoti la apilo linagamula kuti lamulo la umwini wa zithunzi silipatsa nyama mphamvu yosuma.