Steam ndi anzake: mmene osewera magemu a pakompyuta amaonera masitolo okakamiza a pa intaneti

Masitolo okakamiza a pa intaneti ndi mapulogalamu amene munthu ayenera kuika pakompyuta yake ndi kutsegulako akaunti kuti gemu imene wagula itheke kuseweredwa, ngakhale atakhala kuti waigula pachimbale m'sitolo wamba. Odziwika kwambiri ndi Steam ya kampani ya Valve, Epic Games Store, EA app imene inalowa m'malo mwa Origin, Ubisoft Connect imene kale inkatchedwa Uplay, Battle.net ya Blizzard ndi Rockstar Games Launcher. Osewera amangowatchula kuti ma launcher. Pulogalamu yotere ndi msika wogulirako magemu, ndi nkhokwe yosungiramo zimene wagula, komanso ndi mlonda wa pachipata amene amayamba watsimikiza kuti gemu ndi yakodi asanakutsegulire. Ntchito ya ulondayi, imene imadziwika ndi zilembo zoti DRM, ndiyo yakhala ikuutsa mapiri pachigwa kwa zaka zoposa 20, ndipo mitima ya osewera yatembenuka kangapo pa nkhaniyi.

Mmene zinayambira

M'zaka za m'ma 1990 gemu ya pakompyuta inkagulidwa ngati kaseti ya nyimbo. M'bokosi munkakhala chimbale, kabuku ka malangizo, ndipo kawirikawiri nambala yosindikizidwa pachikuto yoti ulembe poika gemuyo. Ukatopa nayo unkabwereketsa mnzako, kusinthanitsa ndi ina, kapena kuigulitsa ngati kaunjika. Ukangotuluka m'sitolo, wopanga gemu analibenso nawe gawo.

Valve, kampani ya m'chigawo cha Washington ku America imene Gabe Newell ndi Mike Harrington anayambitsa mu 1996 atachoka ku Microsoft, inatulutsa Steam pa 12 Seputembala 2003. Vuto limene inkafuna kuthetsa linali lenileni. Gemu yake ya Counter-Strike inkaseweredwa ndi chikhamu cha anthu pa intaneti, ndipo ikakonzedwa, aliyense ankasaka yekha fayilo yatsopano. Ena ankatsalira m'mbuyo, pomwe akamberembere ochita zachinyengo ankalowerera. Steam inabwera kuti zokonza zizifika zokha kwa onse. Koma inayamba mopunthwa: inali yochedwa, inkazima mwachisawawa, ndipo mu 2004 Valve itatseka maseva akale a WON, osewera Counter-Strike amene ankaikana anasowa kothawira.

Tsiku limene osewera akale amalikumbukira ndi 16 Novembala 2004, pamene Half-Life 2 ya Valve inatuluka. Munthu wadikira gemuyi zaka zisanu ndi chimodzi. Wapita kusitolo, walipira, wabwera ndi bokosi kunyumba, waika chimbale m'kompyuta. Gemu ikukana kuyamba. Ayambe watsegula akaunti ya Steam, alembe nambala ya m'bokosi, adikire seva ya Valve ivomereze, kenako mafayilo amene ali kale pakompyuta yake atsegulidwe loko. Tsiku limenelo maseva anadzaza, ndipo ambiri anakhala maola akuyang'ana kamzere kosasuntha, ena ali pa intaneti yodzera pa waya wa telefoni. Chimene chinawawa kwambiri n'chakuti Half-Life 2 ndi gemu ya munthu mmodzi, yosafuna mnzako wosewera naye kutali. Funso limene linabadwa usiku umenewo silinafe mpaka lero: ngati ndalipira, ndikupemphanso chilolezo kwa ndani?

Zaka za mkwiyo

Makampani ena ataona kuti njirayi ikutseka msika wa magemu a kaunjika komanso kuchepetsa kukopera mwakuba, aliyense anamanga mpanda wake, ena mothina kuposa Steam. Spore ya Electronic Arts (EA) inatuluka mu 2008 ndi loko wa SecuROM wololeza kuika gemu pakompyuta katatu kokha. Ogula anaigwetsera ndemanga zoipa zikwizikwi pa Amazon, nkhani inafika kukhoti, ndipo gemuyo inakhala imodzi mwa zokoperedwa mwakuba kwambiri chaka chimenecho. Mu 2010 Ubisoft inalamula kuti Assassin's Creed II ya pakompyuta iziseweredwa intaneti ili yolumikizidwa nthawi zonse. Ikangoduka, gemu inkaima. Maseva a kampaniyo ataukiridwa mu Malichi chaka chomwecho, amene anagula mwachilungamo analephera kusewera. Loko atathyoledwa, okuba ndiwo ankasewera mwamtendere. Ubisoft inalengeza mu 2012 kuti yasiya njirayi.

Battlefield 3 ya EA ya mu 2011 inabwera ndi Origin yokakamiza, ndipo ku Germany kunabuka phokoso lalikulu chifukwa mawu a pangano lake ankapatsa kampani mphamvu zotolera zambiri za m'kompyuta ya munthu. EA inasintha mawuwo. Diablo III ya mu Meyi 2012 inasiya chipsera chotchedwa Error 37, uthenga umene unkatuluka seva ikadzaza. SimCity ya mu Malichi 2013 inagwa chimodzimodzi, ndipo njira yoseweretsa popanda intaneti, imene poyamba ankati ndi yovuta kupanga, inadzatuluka patatha chaka. Games for Windows Live ya Microsoft ndiyo inaonetsa mapeto a nkhani zoterezi: msika wake utatsekedwa mu 2013, magemu amene anamangidwa pa iyo anatsala m'malere mpaka opanga ena atawasamutsa, monga zinachitikira ndi Dark Souls mu 2014.

Ngakhale chimbale chenicheni chinasanduka chigoba. Amene anagula Metal Gear Solid V ya pakompyuta m'bokosi mu 2015 anapeza kuti pachimbale pali kapulogalamu koikira Steam basi. Gemu yonse anayenera kuikoka pa intaneti.

Pamene mitima inatembenuka

Chodabwitsa m'mbiri imeneyi n'chakuti Steam, imene inayambitsa zonsezi, ndiyo inadzakondedwa. Sizinachitike ndi mankhwala. Kuyambira 2005 inayamba kugulitsa magemu a makampani ena, kuphatikizapo ang'onoang'ono ngati Darwinia amene m'masitolo wamba ankasowa malo. Inabweretsa nyengo zotsitsa mitengo zimene osewera amaziwerengera masiku, kusunga pa intaneti pamene walekezera gemu, ndemanga za ogula anzako, malo ogawana zinthu zimene osewera apanga okha, ndi njira yobwereketsa magemu kwa a m'banja. Gabe Newell ananenapo mu 2011 kuti kuba magemu kumachokera kwambiri pa kusatumikiridwa bwino kwa ogula osati pa mtengo, ndipo Steam inayenda m'maganizo amenewo: kugula kukhale kophweka kuposa kuba. Mu 2018 inatulutsa Proton yolola magemu a Windows kuyenda pa Linux, ndipo mu 2022 inatulutsa kakompyuta ka m'manja ka Steam Deck. Mu Malichi 2025 anthu olowa pa Steam nthawi imodzi anaposa 40 miliyoni.

Si zonse zimene Valve inapereka mwa kufuna kwake. Lamulo lobweza ndalama kwa amene wagula gemu pasanathe masiku 14 ndipo waisewera maola osakwana awiri linabwera mu Juni 2015, bungwe loteteza ogula la ku Australia la ACCC litaisumira kale mu 2014. Khoti la dzikolo linalipitsa Valve chindapusa cha madola 3 miliyoni a ku Australia mu 2016. Okonda Steam saitchula kawirikawiri mfundo imeneyi, koma ndi yofunika: zina mwa zabwino zimene amaziyamikira zinachita kumenyeredwa.

Kukula kwa chikondichi kunaonekera poyera Epic Games Store itatsegulidwa mu Disembala 2018. Epic inkatenga madola 12 pa madola 100 aliwonse a malonda, pomwe Steam imatenga 30 pa magemu ambiri, ndipo inkalipira opanga kuti magemu awo azigulitsidwa kwa iyo yokha kwa kanthawi. Mu Januwale 2019, kutatsala milungu yosakwana itatu kuti ituluke, Metro Exodus inachotsedwa pa Steam pamene anthu anali atayamba kale kuilipiriratu, n'kupita ku Epic kwa chaka chathunthu. Osewera anakagwetsera mkwiyo pa magemu akale a Metro powalembera ndemanga zoipa. Borderlands 3 inatsekeredwa ku Epic miyezi isanu ndi umodzi. Amene anasonkha ndalama pa Kickstarter kuti Shenmue III ipangidwe, akuyembekeza kuilandira pa Steam, anamva kuti agulitsidwa itapita ku Epic, mpaka panakonzedwa zowabwezera ndalama. Sitolo ya Epic inalinso yosakhwima: inalibe ngakhale dengu loikamo magemu angapo n'kulipira kamodzi mpaka Disembala 2021. Magemu aulere amene imagawa sabata iliyonse anakopa anthu mamiliyoni kutsegula akaunti, komabe mawu amene anafala pakati pa osewera anali akuti ngati gemu palibe pa Steam, sindigula.

Ena amaona chinyengo m'zimenezi, kuti anthu omwe ankatukwana Steam mu 2004 ndiwo ankaimenyera nkhondo mu 2019. Kuweruza kotere n'kwapamwambamwamba. Munthu amene wasonkhanitsa magemu 300 pamalo amodzi kwa zaka 15, anzake onse ali pomwepo, akauzidwa kuti atsegule akaunti yachiwiri, yachitatu, yachinayi, iliyonse ndi nambala yake yachinsinsi ndi pulogalamu yake yodya mphamvu ya kompyuta, chimene akukana ndi chomwe chija ankakana poyamba: kusankhiridwa. Zimafika poti gemu yogulidwa pa Steam imatsegulanso launcher ina ya Ubisoft, EA kapena Rockstar isanayambe, ndipo izi zimadandaulidwa m'ndemanga za ogula kosalekeza. Osewera ambiri amalolera mlonda mmodzi ngati akuwapatsako kanthu. Chowopsa chake n'chakuti kulolera kumeneku kwaika mphamvu zochuluka m'manja mwa kampani imodzi, ndipo EA yomwe, itachoka pa Steam mu 2011, inabwerera mu 2019.

Gemu ndi ya yani?

Pansi pa mikangano yonseyi pali nkhani ya umwini. Mwalamulo la masitolowa, wogula sagula gemu. Amalipira chilolezo choisewera, chomangirizidwa ku akaunti yake. Sangaigulitse, ndipo mu 2024 Steam inatsimikiza kuti akaunti siingasiyidwe kwa mwana kapena m'bale ngati chuma cha masiye. Mabungwe a ogula anayesa kuthyola mfundo yoletsa kugulitsanso gemu. Ku Germany analephera m'khoti lalikulu mu 2010. Ku France bungwe la UFC-Que Choisir linapambana mu 2019, koma chigamulocho chinagwetsedwa pa apilo mu 2022, ndipo khoti lalikulu linagwirizana ndi Valve mu 2024. Palinso kukalamba kwa makompyuta: Steam inasiya kuyenda pa Windows XP ndi Vista mu Januwale 2019, ndipo inasiya kuthandiza Windows 7 ndi 8 mu Januwale 2024, kutanthauza kuti kompyuta ya XP imene inkasewera Half-Life 2 mu 2004 singathenso kuitsegula kudzera pa Steam, ngakhale chimbale chili chabwinobwino.

Gulu lina la osewera, laling'ono koma losagwedezeka, limagula ku GOG, sitolo imene kampani ya ku Poland ya CD Projekt inayambitsa mu 2008. Kumeneko magemu alibe loko, launcher yake ya Galaxy ndi yosakakamiza, ndipo fayilo yoikira gemu ungaisunge pa hard drive kapena pa fulashi. Maganizo awo ndi aja akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholepheretsa n'chakuti magemu akuluakulu ambiri atsopano safikako.

Nkhani ya The Crew ndiyo inasandutsa dandaulo kukhala gulu lomenyera ufulu. Ubisoft inazimitsa maseva a gemu ya magalimotoyi, ya mu 2014, pa 31 Malichi 2024, ndipo inafa kotheratu kwa aliyense amene anaigula, kenako zilolezo zinachotsedwa m'maakaunti. Ross Scott, wopanga makanema a pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yopempha kuti kampani ikasiya gemu iziisiya ili yoseweretseka. Chikalata chake chopita ku European Union chinaposa masiginecha 1 miliyoni mu Julayi 2025. Ku California lamulo la AB 2426, losainidwa mu Seputembala 2024, linaletsa kugwiritsa ntchito mawu oti kugula popanda kufotokoza kuti ndi chilolezo chabe, ndipo mwezi wotsatira Steam inaika chidziwitso chotero pamalo olipirira.

Okhala kutali ndi maseva

Mikangano yambiri imalembedwa ndi anthu a intaneti yothamanga ndi yotsika mtengo. Kwa wosewera wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, kukakamizidwa kumeneku kumalemera mwanjira ina. Magemu akuluakulu a masiku ano amaposa magigabayiti 100, ndipo launcher ikhoza kukana kuyambitsa gemu mpaka itakoka zokonza zatsopano, bandulo n'kuthera panjira, kapena magetsi n'kuzima zisanathe. Kulipira kumafuna khadi la banki lovomerezeka kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa. N'chifukwa chake magemu ambiri amayenda pa fulashi kuchoka kwa mnzako kupita kwa mnzake, osati chifukwa choti onse safuna kulipira.

Helldivers 2 ya Sony inaonetsa kusiyana kumeneku mu Meyi 2024. Sony inalengeza kuti osewera pa Steam ayenera kulumikiza akaunti ya PlayStation Network, ntchito imene sipezeka m'mayiko ambiri, kuphatikizapo ambiri a mu Africa. Gemuyo inachotsedwa pamsika m'mayiko ndi zigawo zoposa 170. Ndemanga zoipa zinagwa ngati matalala, anthu anapempha kubwezeredwa ndalama, ndipo sabata isanathe Sony inabweza lamulolo. Osewera a ku America ndi ku Ulaya anasangalala, ambiri n'kusintha ndemanga zawo kukhala zabwino. M'mayiko ambiri otsekeredwa aja gemuyo inakhalabe yosagulika kwa chaka china chathunthu, mpaka Juni 2025.