Giza ndi mitundu yake

Giza ndi chipangizo chotenthetsera madzi m'nyumba. Amailumikiza ku mapaipi kuti munthu akangotsegula mpopi wa kubafa kapena wa kukhitchini, madzi azituluka otentha kale, osachita kutereka mphika pamoto. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Pali giza ya thanki, yomwe imatenthetsa madzi ambiri nthawi imodzi n'kuwasunga, ndiye pali yopanda thanki, yomwe imatenthetsa madzi pamene akudutsa m'kati mwake. Ina imayendera magetsi, ina gasi, ina dzuwa, ndipo ilipo ya nkhuni. Dzinali limamveka ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa komanso ku India.

Chiyambi chake

Mu 1868, mmisiri wina wopaka penti ku London, Benjamin Waddy Maughan, adalembetsa ku boma makina otenthetsera madzi a m'nyumba. Madzi ozizira ankalowera pamwamba n'kumatsetsereka m'kati mwa chitini momwe munkakwera mpweya wotentha wochokera ku moto wa gasi, ndipo pofika pansi ankagwera m'bafa atatentha. Maughan adawatcha makinawo Geyser potengera kasupe wa ku Iceland wotchedwa Geysir, amene amalavula madzi owira m'mwamba. Dzina lomwelo ndi limene lidafika kuno ndi Angelezi, ife n'kumati giza. Giza yoyambayo idalibe thanki, ngakhale lero tikamva dzinali ambirife timaganiza za chithanki cha m'denga. Idalibenso chumuni, kotero utsi wonse unkatsalira m'chipinda chosambiramo, ndipo wosamba atatseka mawindo ankaika moyo pachiswe.

Thanki idabwera ndi Edwin Ruud, injiniya wa ku Norway amene adasamukira ku America n'kukagwira ntchito ku Pittsburgh pansi pa George Westinghouse. Mu 1889 Ruud adapanga giza ya gasi yosunga madzi, yomwe inkadziyatsa yokha madzi akazizira n'kudzizimitsa akatentha. Mu 1897 adatsegula kampani yakeyake, ndipo dzina lake likadalembedwabe pa magiza mpaka pano.

Ku Germany adatsata njira ina. Mu 1894 Johann Vaillant wa ku Remscheid adalembetsa giza ya gasi yomwe madzi ankayenda m'paipi yotsekeka, osakhudzana ndi utsi. Chaka chotsatira Hugo Junkers, yemwe pambuyo pake adatchuka ndi ndege, adatsegula fakitale ya magiza a gasi ku Dessau. Kuyambira apo nyumba za ku America zidazolowera thanki yaikulu, pomwe maiko ambiri a ku Ulaya ndi Japan adakonda kabokosi ka pakhoma kopanda thanki. Makampani opanga magiza oterewa monga Rinnai, Noritz ndi Paloma ndi a ku Japan.

Giza ya dzuwa nayo si yachilendo. Clarence Kemp wa ku Baltimore adalembetsa yake mu 1891, dzina lake Climax. Inali matanki akuda m'bokosi lagalasi, ndipo vuto lake lidali loti madzi ankazizira usiku. Mu 1909 William Bailey wa ku California adalekanitsa mbali yotapa dzuwa ndi thanki yosungira, madzi n'kumafika m'mawa akadali ofunda. Dziko la Israel lidafika poika lamulo mu 1980 loti nyumba zatsopano zizikhala ndi giza ya dzuwa. Shawa yamagetsi yotenthetsa madzi pamutu pomwepo idayambira ku Brazil m'zaka za m'ma 1930, ndipo zambiri zotchedwa Lorenzetti zimene zafala mu Africa zimachokera kumeneko.

Mmene imagwirira ntchito

Giza ya thanki ndi mgolo wachitsulo wokutidwa ndi chofunda choletsa kutentha kuthawa. M'kati muli elementi yotenthetsa madzi ndi thermostat yomwe imadula magetsi madzi akafika pa mlingo. Madzi ozizira amalowera pansi, otentha amatulukira pamwamba. Mulinso ndodo ya magnesium yomwe imadyeka m'malo mwa chitsulo cha thanki, ndi vavu yotulutsa madzi akathinana kwambiri. Yopanda thanki imadzuka madzi akayamba kuyenda: moto kapena elementi imayaka, ndipo mpopi ukatsekedwa imazima.

Mlingo wovomerezeka m'thanki ndi madigiri 60. Kuutsitsa kwambiri pofuna kupulumutsa magetsi kumapatsa mpata tizilombo totchedwa Legionella, timene timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndipo timayambitsa chibayo choopsa. Tizilomboti tidadziwika pambuyo pa mliri umene udabuka pa hotela ina ku Philadelphia mu 1976.

Kusintha giza yakale

Si vuto lililonse limene limafuna giza yatsopano. Madzi akasiya kutentha, kawirikawiri yapsa ndi elementi kapena thermostat, ndipo pulambala amasintha zokhazo. Kudontha pang'ono pa paipi ya vavu n'kwachibadwa chifukwa madzi amafufuma akamatentha. Koma madzi otentha akayamba kutuluka ndi dzimbiri, kapena siling'i ikachita mawanga pansi pa thanki, ndiye kuti chitsulo chadyeka kapena chabooka, ndipo kuwotcherera n'kungotaya ndalama. Thanki imakhala zaka 10 kapena kupitirirako pang'ono. Madzi a pa mjigo okhala ndi laimu wambiri, kapena amchere monga a m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amaifupikitsa moyo. Yopanda thanki ikhoza kufika zaka 20 ikamatsukidwa, koma timapaipi take n'tating'ono ndipo laimu yemweyo amatitseka msanga.

Magiza a thanki opezeka m'mashopu a kuno, ambiri ochokera ku South Africa monga Kwikot, amakhala a malita 50, 100, 150 ndi 200. Masamu ake ndi osavuta. Kuti malita 150 achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi 7 a magetsi, ndipo elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi mphindi 20. Kuwonjezera apo, thanki imataya kutentha pang'onopang'ono ngakhale pasakhale wosamba, elementi n'kumayakanso. Apa ndi pamene yopanda thanki imapambana. Unduna woona za mphamvu ku America umati m'nyumba yogwiritsa ntchito malita osaposa 155 patsiku, yopanda thanki imatha kuchita bwino ndi 24 mpaka 34 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi ya thanki.

Ziwerengero zimenezo n'za nyumba zomwe magetsi ndi madzi sizisowa, ndipo wogula wa kuno ayenera kuyamba wafunsa zomwe nyumba yake imalandira. Giza yamagetsi yopanda thanki imafuna mphamvu yonse nthawi imodzi. Kuti malita 6 pa mphindi awonjezere madigiri 25 pamafunika pafupifupi 10.5 kW, omwe pa magetsi athu a 230 V ndi ma amp 45. Nthambo za m'nyumba zambiri zakale sizingapirire zimenezo, ndipo mtengo wokokera nthambo yatsopano uyenera kuwerengeredwa limodzi ndi mtengo wa giza. Magetsi akathima yopanda thankiyo imatheratu, pomwe thanki yotentha usiku imasambitsa banja m'mawa kuli mdima. Amene adaona kuthimathima kwa magetsi mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, akudziwa kulemera kwa mfundo imeneyi.

Ya gasi yopanda thanki ilibe vuto limenelo, pakuti zambiri zimayaka ndi mabatire a tochi. Imafuna madzi othamanga mokwanira, apo ayi siyaka, ndiye m'madera momwe mpopi umangotsonya pamafunika thanki yokwezeka bwino kapena pampu. Malo ake ndi panja kapena pomwe pali chumuni. Kuiika m'bafa lotsekeka n'kubwereza cholakwa cha Maughan, chifukwa mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo ndipo umapha. Banja lalikulu lomwe limasamba nthawi imodzi m'mabafa awiri limapindula ndi thanki. Munthu wokhala yekha, kapena nyumba yogona alendo mwa apo ndi apo, sizifuna kusungira malita 150 otentha tsiku lonse.

Posintha, ndi bwino kuika chotengera madzi pansi pa thanki ya m'denga, chokhala ndi paipi yotulukira panja, monga amalamulira ku South Africa. Ena amangoitulutsa giza n'kuikhoma pakhoma la kunja, kuti ikadzaphulika isawononge siling'i ndi katundu.

Kwathu kuno

Kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi mabanja 11 okha pa 100 aliwonse amene ankaunikira magetsi ku Malawi, kotero giza ndi ya ochepa. Madzi osamba otentha okha ndi a aliyense. Mlendo akafika kuchokera kutali amamuikira madzi kubafa asanamufunse zambiri, ndipo amene wawatereka amayamba wawapima ndi dzanja, kuthirako ozizira mpaka afike pabwino. Mayi amene wangobereka kumene, wodwala ndi nkhalamba sawasambitsa madzi ozizira. M'miyezi ya June ndi July, ku Dedza, Mzuzu, Zomba kapena Thyolo chiperoni chikagwa, ndowa imakhala pa mafuwa kusanache, ana asukulu akudikirana. M'tauni ntchito yomweyo imagwiridwa ndi mbaula, ndipo makala otsala pophika nsima sazimitsidwa, amaterekapo madzi. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire ambiri amangoika beseni padzuwa masana, madzulo n'kusamba ofunda. Anthu a ku Nkhotakota ali ndi mwayi wina: akasupe otentha a Mawira, komwe madzi amatuluka pansi otentha kale.

Pakati pa ndowa ndi giza pali zipangizo zimene zidatumikira anthu kwa zaka zambiri. Chachikulu ndi boila, imene azungu a kuno ankaitcha Rhodesian boiler ndipo ku South Africa amati donkey. Ndi mgolo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa nyumba, paipi imodzi yolowetsa madzi ozizira, ina yopita kubafa, ndi kapaipi katali kopumira koloza kumwamba. Inkapezeka m'nyumba zaboma zakale, pa mishoni, m'maesiteti ndi m'sukulu zogonera konko, ndipo malo ena ogona alendo akuigwiritsabe ntchito. Mmisiri wa m'mudzi amatha kuimanga ndi kuikonza popanda chitsulo choitanitsa kunja. Imadya nkhuni zambiri, komabe mwa mitundu yonse ndi yokhayo imene mwini wake amaimvetsa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kapaipi kopumirako sikayenera kutsekedwa, chifukwa mgolo wowira wopanda potulukira nthunzi umaphulika.

M'nyumba zalendi ndi m'mahositelo mwafala hita yoviika m'ndowa ndi shawa ija ya ku Brazil, yomwe ambiri amangoti insitanti. Insitanti ndi giza yopanda thanki yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo walendi amatha kuimasula n'kusamuka nayo. Ya 5.5 kW imawonjezera madigiri 26 pa malita atatu pa mphindi, n'chifukwa chake wosamba amachepetsa mpopi kuti madzi atenthe. Imakoka ma amp 24, ndiye imafuna nthambo yakeyake yochokera ku bokosi la magetsi ndi waya wa earth wolumikizidwa bwino. Kuilumikiza ku nthambo ya babu, kapena kupisa dzanja m'ndowa hita ikadali yoyaka, kwavulaza anthu.

Pa madenga a nyumba zatsopano ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mukuoneka magiza a sola, thanki yogona pamwamba ndi mzere wa machubu agalasi pansi pake, ambiri opangidwa ku China. Safuna pampu: madzi akatentha m'machubu amakwera okha kupita m'thanki, ozizira n'kutsika. N'kutheka kuti atafala akhoza kuchepetsako makala ndi katundu amene magiza amasenzetsa kampani ya magetsi ya ESCOM m'mawa ndi madzulo. Machubu amayang'anitsidwa kumpoto popeza tili kumwera kwa equator, ndipo denga liyenera kulimba mokwanira kunyamula thanki yodzaza. Mu October madzi ake amatentha moti akhoza kuwotcha mwana, kotero pamafunika vavu yosakaniza ndi ozizira. Masiku a mitambo yotsatizana amangofunda, ndipo n'chifukwa chake ambiri amagulitsidwa ali ndi elementi yamagetsi yothandizira.