Kuchoka pa machila kufika pa kabaza: mbiri ya misewu ya fumbi ku Senga Bay

Munthu wochokera ku Lilongwe lero amatsetsereka ndi msewu wa M14, kudutsa pa Kamuzu Road ndi pa boma la Salima, n'kuwonjezera makilomita pafupifupi 20 kuti aione nyanja ku Senga Bay. Ulendo wonsewo ndi wa pa phula, ndipo mlendo amabwerera kwawo akuganiza kuti nkhani ya misewu kuno inatha kalekale. Koma angopatuka pang'ono, kulowera kumadoko a asodzi, ku Lifuwu kumene amalima mpunga, kapena kumidzi ya m'mbali mwa dambo la Mpatsanjoka, apeza kuti phulalo ndi kamzere kamodzi kokha. Kwina konseko ndi mchenga, fumbi ndi makande. Kumeneko galimoto siiyesedwa ndi mtengo wake kapena kunyezimira kwa utoto, koma ndi funso limodzi limene anthu akuno akhala akufunsa kwa zaka zoposa 100: kodi ikafika?

Pachiyambi galimoto yake inali mutu ndi phewa la munthu. Azungu atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891 anapeza kuti ngolo za ng'ombe, zomwe zinkawathandiza kumayiko a kumwera, sizikanatheka m'zigwa za kunyanja chifukwa kashembe ankapha ziweto. Katundu wotsika m'sitima zapamadzi, monga pa doko la Domira Bay kumpoto kwa Salima, ankakwera mapiri a ku Dowa pamitu ya amtengatenga. Bwana mwiniyo ankagona m'machila, anyamata akusinthana mtengo pamapewa. Pambuyo pake kunabwera gareta, kampando ka gudumu limodzi komwe wina ankakoka kutsogolo, wina akukankha kumbuyo. Zonsezi zinkadutsa paliponse, mumchenga ndi m'madzi momwe, chifukwa zimene zinkatha sizinali zitsulo koma misana ya makolo athu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a dziko lino anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere. Tikamakamba za mbiri ya maulendo tisamayambire pa injini, tiziyambira pa anthu amenewa.

Chaka chimene chinasintha Salima ndi 1935, pamene njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno kudzera pa Chipoka. M'chaka chomwecho mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, motero katundu wokwezedwa pa Salima ankatha kukafika ku Beira osatsitsidwa. Njanjiyo inathera pomwepo kwa zaka zoposa 40, mpaka pamene inakafika ku Lilongwe mu 1979. Nthawi yonseyi fodya wa ku Lilongwe ndi ku Dowa, mtedza, komanso thonje la m'chigwa muno, zonse zinkabwera pa malole kudzakumana ndi sitima. Ku Senga Bay nako kunali kutamangidwa hotela ya Grand Beach, yomwe lero timaidziwa kuti Sunbird Livingstonia Beach, ndipo alimi a fodya achizungu ankatsikirako kukapuma.

Malole a nthawi imeneyo, omwe achikulire amakumbukira kwambiri a mtundu wa Bedford, anali aatali msinkhu, otalikirana ndi nthaka, ndipo injini zake zinali zosavuta kukonza. M'chilimwe ankayenda bwino ndithu, kungoti fumbi lake. Mdani wawo anali makande. Dothi lakuda limeneli, lomwe alimi a thonje amalikonda, likauma limalimba n'kung'aluka ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowa. Likangolawa mvula limafufuma, limaterera, n'kumata matayala mpaka mizere yonse ya tayala kutsekeka. Lole yodzaza matumba ikalowamo imamira mpaka pa difu, ndipo dalaivala akamaponda moto kwambiri m'pamene imadzikumbira dzenje. Mankhwala ake anali amodzimodzi kuyambira kale: kutsitsa katundu, kukumba ndi makasu, kuyala nthambi ndi miyala, kenaka kuitana mudzi wonse kuti udzakankhe. Mabasi nawonso, kuyambira a Nyasaland Transport Company omwe pambuyo pake anadzakhala UTM, anali ndi njira zina zomwe ankapitako m'chilimwe mokha. Mvula ikayamba, basi inkasiya kubwera ndipo anthu ankabwerera ku mapazi ndi njinga.

Land Rover inatuluka ku Britain mu 1948, ndipo posakhalitsa inakhala galimoto ya a DC, apolisi, alangizi a zaulimi ndi a mishoni. Mphamvu yake inali yoti matayala onse anayi ankakoka, komanso inali ndi giya yaing'ono yoyendera pang'onopang'ono pamalo oipa. Pamene ntchito yaikulu yotukula ulimi m'chigwa cha Salima inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi thandizo la dziko la Germany, misewu yambiri ya m'midzi inalambulidwa kuti thonje ndi mpunga zizifika kumsika, ndipo galimoto zamtunduwu ndi zomwe zinkayendamo chaka chonse. Kenaka a Toyota anadzalanda bwalo ndi Land Cruiser komanso Hilux, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968. Mpaka lero ambulansi yodalirika ya chipatala cha boma imakhala Land Cruiser. Koma galimoto zimenezi sizinakhalepo za munthu wamba. Mayi wogulitsa usipa ankangoziona zikudutsa, iye atasenza dengu.

Ya anthu wamba inali matola. Pikapu yakale, kaya Peugeot 404 kapena 504, kaya Datsun, kaya Hilux yomwe bungwe lina linaitaya, inkadzaza anthu, madengu a nsomba, matumba a mpunga ndi njinga pamwamba. Apa pali chinthu chimene madalaivala akale ankachidziwa bwino. Pikapu imakoka ndi matayala a kumbuyo, ndiye ikakhala yopanda katundu kumbuyoko kumapepuka, pamatope imangovina uku ndi uku. Ikalemedwa pang'ono matayala amagwira nthaka. N'chifukwa chake pamalo oterera kondakitala ankauza anyamata kuti akhale pamwamba pa matayala a kumbuyo n'kumadumphadumpha. Vuto n'lakuti eni ake sankadziwa polekezera. Katundu ankapitirira muyeso, masipuling'i n'kuthyoka, mabuleki n'kulephera, ndipo anthu okhala m'mphepete mwa bodi ankagwa. Matola inatinyamula pamene kunalibe china, koma inatiphanso, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika.

Mchenga wa kudoko uli ndi malamulo akeake, osiyana ndi a makande. Alendo obwera ku zisangalalo za kunyanja, monga Sand Music Festival yomwe yachitikapo kangapo ku Senga Bay, amadabwa kuona galimoto yawo yaikulu yatitimira pomwe kagalimoto kakang'ono kadutsa. Mumchenga chofunika si mphamvu yokha ayi. Tayala lopopedwa kwambiri limacheka mchenga n'kulowa pansi, pomwe lophwetsedwa pang'ono limatambasuka n'kuyandama. Woyendetsa asamaime pakati, asamakhote mwadzidzidzi, ndipo akamva kuti matayala ayamba kuzungulira pamodzimodzi asiye moto nthawi yomweyo, abwerere m'mbuyo m'mapazi ake omwe. Chodabwitsa china n'chakuti mchenga umayendeka bwino ukanyowa, pamene makande amafuna dzuwa. Motero msewu umodzi womwewo ukhoza kukukanizani chigawo china m'mwezi wa Okutobala, chigawo china mu Febuluwale.

M'zaka zaposachedwapa pa siteji ya Salima padzaza ma Sienta ndi timagalimoto tina togulidwa kale ku Japan. Timamwa mafuta ochepa, ndipo popeza injini imalemera pamwamba pa matayala a kutsogolo omwe amakoka, pamatope ochepa timayesetsa. Kufooka kwake n'kwakuti tili pafupi kwambiri ndi nthaka. Malole akakumba ngalande ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, Sienta yodzaza anthu imakhala pamimba, matayala ali m'malere. Mabampu a msewu wosapalidwa amamaliza mashoko ndi mabushi m'miyezi yochepa, ndipo ndalama zonse zimene dalaivala wapeza zimakathera kwa makaniko. N'chifukwa chake ambiri a iwo amathera pomwe phula lathera, kapena amakweza mtengo mvula ikagwa.

Pamene onsewa alekezera m'pamene kabaza amayambira. Salima ndi dera lachidikha, ndipo linatchuka ndi njinga zakapalasa zonyamula anthu kale njinga zamoto zisanachuluke. Tsopano ma Lifan ndi ma King Lion ndiwo akulowa kulikonse. Njinga yamoto imangofuna kanjira kopapatiza, imalambalala chithaphwi podzera m'munda, ndipo mlatho ukakokoloka anyamata awiri kapena atatu amainyamula n'kuiolotsa. Kunena zoona, pa zoyendera zonse zimene dera lino laona chichokereni machila, palibe chimene chafika midzi yambiri kuposa imeneyi. Nsomba zimafika pamsewu zisanawole, ndipo wodwala amafika ku chipatala tsiku lomwelo. Komabe mumchenga wofewa tayala la kutsogolo limathawa, pamakande njinga imagwa cham'mbali, ndipo okwera ambiri alibe chisoti. Zimandiwawa mtima kuona mayi woyembekezera, nthawi yake itakwana, atamukhazika pakati pa woyendetsa ndi womuperekeza usiku wa mvula, chifukwa ambulansi yalephera kudutsa dambo. Ngolo ya ng'ombe nayo, yomwe kashembe ankaikaniza kale, lero ndi imene imatulutsa mpunga m'madimba momwe lole siingayerekeze.

Malawi ali ndi misewu yolembedwa m'kaundula ya makilomita oposa 15,000, ndipo yomwe ili ndi phula siifika gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuyambira 2006 misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndalama zake zikuchokera ku Roads Fund Administration kudzera pa msonkho wa mafuta, pomwe ya m'midzi imayang'aniridwa ndi makhonsolo. Wakabaza wa ku Lifuwu amalipira msonkho umenewo pa lita iliyonse, chimodzimodzi ndi mwini galimoto wa ku Area 47 ku Lilongwe. Phula silingafike mudzi uliwonse chaka chino, zimenezo tikudziwa. Koma chimene chimaononga msewu wa dothi ndi madzi osowa kolowera, ndipo ngalande, makalavati ndi miyala ya gelevulo pamadambo sizidya ndalama ngati phula. Khonsolo ya Salima, aphungu ndi mafumu a dera lino atumize giledala ndi kutsegula ngalande mwezi wa Novembala usanafike, osati kudikira kuti lole yoyamba imire.