Mapu owerenga odwala: kuchokera ku Soho kufika pa kompyuta

Kumapeto kwa Ogasiti 1854 matenda a kolera anabuka m'dera la Soho mumzinda wa London. M'masiku atatu okha anthu 127 anali atatsikira kuli chete, ndipo pomwe mliriwo unkatha, maliro anali atafika 616. Akuluakulu azaumoyo a nthawiyo ankakhulupirira kuti kolera amayenda ndi mpweya wonunkha wochokera m'ngalande ndi m'zinyalala. Dokotala John Snow ankakana, amvekere vuto lili m'madzi akumwa.

Snow anatenga mndandanda wa omwalira n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa amasiye kumene malemu ankatunga madzi. Mayankho ambiri ankaloza mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Pa 8 Seputembala akuluakulu a deralo anazula chogwirira cha mjigowo. Mapu otchuka a Snow anadza pambuyo pake, ndipo anasindikizidwa m'buku lake la 1855. Imfa iliyonse anaiimira ndi kamzere kakuda pakhomo pamene inachitikira, timizereto n'kumasanjikizana, ndipo mijigo yonse ya m'deralo anaiikanso pomwepo. Munthu akangoponya diso amaona kuti pakuda kwambiri ndi pozungulira Broad Street.

Chokoma kwambiri pa ntchitoyi ndi malo amene mapu anaoneka ngati akutsutsa mwini wake. Nyumba yosungira amphawi ya pa Poland Street inali m'kati mwenimweni mwa mliri, munali anthu 535, koma anamwalira asanu okha. Snow atafufuza anapeza kuti nyumbayo inali ndi chitsime chakechake. Pafakitale yofululira mowa mumsewu womwewo wa Broad Street, antchito oposa 70 onse anapulumuka, pakuti ludzu lawo ankalithetsa ndi mowa umene ankapatsidwa pantchito. Ndiye panali mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu ndi Soho, yemwe anafa ndi kolera kudera kopanda mliri. Zinadziwika kuti mayiyu ankakonda kukoma kwa madzi a pa Broad Street, moti ankachita kumubweretsera m'botolo pangolo. Wansembe wa tchalitchi cha Angilikani, Henry Whitehead, amene poyamba sankagwirizana ndi Snow, ndiye anadzapeza gwero: madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa loyandikana ndi chitsime cha mjigowo.

Si mapu onse a mliriwu amene ananena zofanana. Injiniya Edmund Cooper anajambula akenso m'chaka chomwecho cha 1854, polembedwa ntchito ndi bungwe loyang'anira ngalande, ndipo cholinga chinali kuonetsa kuti ngalande zatsopano si zimene zinabweretsa imfa. Maliro anali omwewo, funso ndiye linali lina.

Ku France luso limeneli linali litayamba kale. Mu 1826 Charles Dupin anapaka zigawo za dzikolo kuda kosiyanasiyana malinga ndi kuchuluka kwa ana opita kusukulu, njira imene nyuzi zimagwiritsabe ntchito poonetsa zotsatira za chisankho. Mu 1869 Charles Minard anachita chovuta koposa, kuika nthawi papepala. Anajambula ulendo wa asilikali a Napoleon wolowa ku Russia mu 1812 ngati mzere wonenepa wa anthu 422,000, umene ukunka nuwonda mtunda ndi mtunda mpaka pobwerera patsala 10,000. Pansi pake analembapo mmene kunkazizirira. Pepala silisuntha, koma diso likamatsatira mzerewo limaona gululo likusungunuka. Mapu oyenda a masiku ano, aja munthu amakoka kabatani ka masiku n'kuona madontho akukula, akuyankha funso lomwe Minard anadzifunsa.

Kompyuta inalowa m'ntchitoyi m'zaka za m'ma 1960, pamene Roger Tomlinson anatsogolera ntchito yosunga mapu a nthaka, nkhalango ndi ulimi a dziko la Canada m'makina. Nzeru yake inali yoika chilichonse pachokha, misewu payokha, mitsinje payokha, midzi payokha, kuti wofuna azisanjikiza kapena kuchotsa momwe akufunira. Apa ndi pamene panachokera kusefa kumene lero kumatheka ndi chala chimodzi pafoni: kusankha boma limodzi, sabata imodzi, kapena ana osakwana zaka zisanu okha. Ntchito imene inkadya milungu yoyenda wapansi tsopano ndi ya kamphindi, pokhapokha ngati wina anayenda kale n'kulemba manambalawo molondola.

Dziko lonse lapansi linazolowera mapu otere mu 2020. Pa 22 Januwale chaka chimenecho, Lauren Gardner wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore ndi wophunzira wake Ensheng Dong anatsegula dashboard ya COVID-19: mapu akuda, madontho ofiira, manambala m'mbali. Masiku oyambirira Dong ankalowetsa manambala pamanja, kenako ntchito itakula anakonza zoti makina azitolera okha. Malawi anapeza dontho lake pambuyo pa 2 Epulo, tsiku limene boma linalengeza odwala atatu oyamba.

Madontho ofiirawo anathandiza kwambiri, koma analinso ndi msampha umene ambiri sanauone. Dontho linkasonyeza anthu amene ayezedwa n'kupezeka ndi kachilombo. Dziko lokhala ndi zipangizo zoyezera zochepa linkaoneka la dontho laling'ono, ngati kuli mtendere, pamene wodwala wakumudzi amene sanafike pachipatala sankawerengedwa konse. Ndipo dontho lalikulu pa mzinda wa anthu mamiliyoni linkaopsa kuposa laling'ono pa boma la anthu ochepa, ngakhale kuti bomalo mwina ndilo linali pamoto poyerekeza ndi chiwerengero chake. N'chifukwa chake akatswiri ankalimbikira kuti odwala azionetsedwa pa anthu 100,000 alionse.

Gulu la ku Johns Hopkins linasiya kutolera manambala pa 10 Malichi 2023. Kachilomboka kanali kadakalipo, koma maboma ambiri anali atasiya kulengeza odwala tsiku ndi tsiku, ndipo anthu ochuluka ankadziyeza okha kunyumba osauza aliyense zotsatira.