Chinayesedwa kangati? Mbiri ya masamu oyesera zida zankhondo

Pali chithunzi chimene chazungulira kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp: ndege yankhondo yodzaza madontho ofiira m'mapiko ndi kumchira. Pansi pake amalembapo nkhani yokoma. Akuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akuluakulu a asilikali ankafuna kumata zitsulo zotchinga zipolopolo pomwe ndege zobwerera kunkhondo zinali ndi mabowo ambiri. Kenaka katswiri wina wa masamu anadzuka n'kuwauza kuti amate pomwe palibe mabowo, chifukwa ndege zolasidwa pamenepo ndi zimene zinatsakamira komweko. Alaliki, aphunzitsi ndi alangizi a bizinesi onse amaikonda nkhaniyi.

Katswiriyo analikodi. Dzina lake ndi Abraham Wald, Myuda wobadwa mu 1902 amene anathawa ku Vienna mu 1938 n'kukakhala ku America. Koma chithunzicho n'chojambulidwa zaka za posachedwapa, ndipo chimene Wald anasiya ndi zikalata 8 za masamu okhaokha, zolembedwa mu 1943, zimene zinadzasindikizidwira anthu onse mu 1980. Nkhani yotchukayo imatisocheretsa pa mfundo imodzi yaikulu. Imatipatsa maganizo oti vuto lodziwa ngati chida chankhondo chikugwira ntchito linathetsedwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi wanzeru. Mbiri ikuonetsa kuti vutoli lakhala likubwerera m'badwo uliwonse, ndipo limabwerera ndi maliro nthawi zonse pamene changu, kuumira ndi kunyada zatsekereza mafunso awiri: chidachi chinayesedwa kangati, nanga chinayesedwa motani?

Za kale kwambiri n'zochepa. Mu 1742 Mngelezi Benjamin Robins anapachika chipika cholemera kuti chizilendewera, n'kumachiwombera ndi mfuti. Poyeza momwe chagwedezekera ankawerengera liwiro la chipolopolo. Anaonetsanso kuti mfuti imodzi, yoloza malo amodzi, simenya pamodzimodzi kawiri. M'zaka za m'ma 1800 owombera mizinga ku Ulaya anabwereka masamu amene akatswiri a nyenyezi ankawerengera zolakwika za miyeso yawo. Kuchokera pamenepo, ubwino wa mzinga unayamba kunenedwa ndi nambala: kukula kwa malo amene theka la mabomba ake limagwera. Mpaka lero opanga mizinga amatchula kukula kwa bwalo limenelo.

Phunziro lachiwiri linachokera kumunda. Mu 1919 Ronald Fisher anayamba ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, ndipo mu 1935 anatulutsa buku la momwe kuyesa kulikonse kuyenera kukonzedwera. Mfundo zake zinali zitatu. Bwerezani kuyesako kangapo. Gawani mbewu m'timinda mwamaere kuti dothi labwino lisakondere mtundu umodzi. Sinthani zinthu zingapo nthawi imodzi mwadongosolo, kuti muone momwe feteleza ndi mtundu wa mbewu zimathandizirana kapena kusokonezerana. Aliyense amene anaonapo timinda toyeserera chimanga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe anaona nzeru za Fisher zili pantchito. Asilikali anachedwa nazo kwambiri nzeruzi.

Kuchedwako kunaonekera poyera nkhondo yachiwiri itafika kunyanja ya Pacific mu December 1941. Sitima za America zoyenda pansi pa madzi zinanyamula mtundu watsopano wa torpedo, bomba lodziyendera lokha m'madzi. Lililonse linkadya ndalama pafupifupi madola 10,000, ndipo popeza linakonzedwa m'zaka za umphawi wadzaoneni wa m'ma 1930, anthu anachita nalo chisoni kuliphulitsa pongoyesa. Ankaliyesa litachotsedwa zophulika, n'kulivuula kuti aligwiritsenso ntchito. Kunkhondo oyendetsa sitima anayamba kudandaula kuti akuwombera molondola koma adani akungodutsa osakhudzidwa. Yankho limene ankalandira linali loti vuto ndi iwowo. Mu June 1942, pagombe lina pafupi ndi Albany ku Australia, asilikali anatchera ukonde wa asodzi m'madzi n'kuwomberamo. Mabowo a muukondewo anaonetsa kuti bombalo linkayenda pafupifupi mamita 3 pansi kuposa pomwe analitchera. Atakonza zimenezo panatulukira vuto lina la chophulitsira, ndipo atachotsa ilo panatulukiranso lachitatu. Zolakwika zitatu zinkabisana, ndipo zinatenga mpaka chakumapeto kwa 1943 kuti zonse zithe. Ndalama zimene anasunga posaphulitsa mabomba ochepa anazilipira ndi miyezi yoposa 20 ya nkhondo.

M'nyengo yomweyo, mu 1942, pa yunivesite ya Columbia ku New York panakhazikitsidwa gulu la akatswiri a masamu a ziwerengero lothandiza asilikali. Munali Wald, Allen Wallis ndi Milton Friedman, amene pambuyo pake anadzatchuka pa zachuma. Msilikali wina wapamadzi anawadandaulira kuti malamulo oyesera zipolopolo ankalamula kuwombera chiwerengero chonse chimene chinaikidwa, ngakhale pamene wina aliyense waona kale kuti katunduyo ndi woipa. Wogula chimanga akabaya matumba atatu oyamba n'kupeza anankafumbwe okhaokha, sadikira kubaya matumba onse 50. Wald anaika nzeru imeneyi m'masamu mu 1943: ukayesa chimodzi, werengera, ndipo masamuwo akuuze ngati ulandire katunduyo, umukane, kapena uyesenso china. Njirayi inkachepetsa zoyesa ndi pafupifupi theka, ndipo boma linaibisa ngati chinsinsi cha nkhondo mpaka 1945. Iyi ndiyo ntchito yaikulu ya Wald, ngakhale kuti siitchulidwa pa WhatsApp. Iye anamwalira pangozi ya ndege ku India mu 1950.

Nkhondo itatha kunabwera kompyuta. Makina a ENIAC, amene anaonetsedwa kwa anthu mu February 1946, anapangidwira kuwerengera momwe mabomba a mizinga amaulukira. Chaka chomwecho Stanislaw Ulam, mmodzi wa akatswiri a bomba la nyukiliya ku Los Alamos, anaganiza zoti chinthu chovuta kuchiwerengera mwachindunji chikhoza kuyerekezedwa kambirimbiri ndi manambala ochita kutola mwamaere, kenaka n'kuona chimene chatuluka kawirikawiri. Iye ndi John von Neumann anaikulitsa njirayi, imene inapatsidwa dzina loti Monte Carlo. Apa ndi pomwe panayambira chiyeso chachikulu. Kuwombera mzinga weniweni n'kodula ndipo kumachititsa manyazi ukaphonya anthu akuona. Kuuwombera m'kompyuta n'kotchipa, ndipo kompyutayo imangobweza zimene anaiuza oikonza.

Aphungu a ku America anaiona ngoziyi. Mu 1983 anakhazikitsa ofesi yoyesa zida m'malo ofanana ndi kunkhondo, yosalamulidwa ndi amene akupanga kapena kugula zidazo, ndipo yopereka malipoti ake kwa aphunguwo. Mu 1986 anawonjezera lamulo loti zida zikuluzikulu ziziwomberedwa ndi zipolopolo zenizeni zisanagulidwe zambiri. Malamulowo anali abwino. Koma lamulo silingalosere funso limene palibe amene walifunsa, ndipo zimenezo zinaoneka patangopita zaka zochepa.

Pa nkhondo ya ku Gulf ya 1991, chida china chogwetsa adani mumlengalenga chinatumizidwa kukateteza mizinda ndi misasa ku Saudi Arabia ndi ku Israel. Poyamba chinapangidwira kugwetsa ndege, ndipo oganiza zake ankayembekeza kuti chizisamuka pafupipafupi, chizizimitsidwa ndi kuyatsidwanso pakapita maola ochepa. Tsopano chinapatsidwa ntchito yogwetsa mizinga yothamanga mamita oposa 1,600 pa sekondi, chili pamalo amodzi usana ndi usiku.

M'kati mwake munali wotchi yowerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi. Kompyuta imalemba manambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kalembedwe kameneko gawo limodzi mwa magawo khumi silitha, limangopitirira. Malo osungiramo nambalayo anali ndi mipata 24 yokha, choncho mchira wake unkadulidwa. Chodulidwacho chinali chaching'ono kwambiri, osakwana gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a sekondi. Koma chinkaunjikana pa kugunda kulikonse kwa wotchiyo. Pa maola awiri kapena atatu sichinkaoneka. Pa maola 100 chinkafika masekondi 0.34.

Chenjezo linabwera. Pa 11 February asilikali a dziko lina logwiritsa ntchito chida chomwecho anapereka umboni woti chikayaka maola 8 osazima, malo amene radar yake, yoonera adani patali, imayembekezera kuonanso mzinga amasuntha ndi 20 peresenti. Akatswiri anakonza pulogalamu yatsopano pa 16 February. Pa 21 February uthenga unapita kwa asilikali kuti kuyatsa chidacho nthawi yaitali kwambiri kungachisokoneze, koma uthengawo sunatchule kuti nthawi yaitaliyo ndi maola angati. Kuzimitsa ndi kuyatsanso kukanatenga mphindi imodzi ndi theka basi, ndipo wotchiyo ikanayambiranso pa ziro.

Usiku wa pa 25 February, mumzinda wina wa kum'mawa kwa Saudi Arabia, chida chimene chinali chitayaka maola oposa 100 chinaona mzinga ukubwera. Chinawerengera pomwe uyenera kuonekeranso, koma chinayang'ana malo olakwika ndi mamita pafupifupi 687. Posapezapo kanthu, chinaganiza kuti kulibe mdani, ndipo sichinawombere. Mzingawo unagwera nyumba yogona asilikali. Anafa asilikali a America 28 ndipo pafupifupi 100 anavulala. Pulogalamu yokonzedwa ija inafika pamalopo m'mawa mwake, pa 26 February.

Palibe amene anafuna kuti anthu afe, ndipo kusaka munthu mmodzi womuloza chala n'kuthawa phunziro. Chidacho chinkagwira bwino m'malire amene chinayesedwamo. Nthawi imene chakhala chikuyaka inali chinthu choyenera kusinthidwa poyesa, monga momwe amasinthira liwiro la mdani, mtunda ndi nyengo. Fisher anali atanena kale kuti zinthu ziwiri zosaopsa pazokha zikhoza kupweteka zikakumana. Apa wotchi yotsalira pang'ono inakumana ndi mzinga wothamanga kwambiri.

Ziwerengero za chipambano nazonso zinaphunzitsa anthu. Nkhondo ili m'kati kunalengezedwa kuti mwa mizinga 42 imene chidacho chinalimbana nayo, 41 inagwetsedwa. Mu 1992 ziwerengerozo zinatsitsidwa kufika pa 70 peresenti ku Saudi Arabia ndi 40 peresenti ku Israel. Ofufuza otumidwa ndi aphungu atasanthula umboni anapeza kuti wamphamvu kwenikweni unalipo pa 9 peresenti yokha. Kuphulika koonekera kumwamba usiku kunkawerengedwa ngati kupambana, pomwe zolemba zotsimikizira kuti mutu wa mzinga waonongekadi zinali zochepa.

Kuyambira pamenepo kudalira kompyuta kwangokulirakulira. America inaphulitsa bomba la nyukiliya loyesera komaliza mu September 1992, ndipo lero imadalira kwambiri zoyerekeza za pakompyuta kuti idziwe ngati mabomba akalewo akadali amoyo. Mu 1996 unduna wa zachitetezo kumeneko unaika lamulo loti choyerekeza chilichonse chiyankhe mafunso atatu: kodi pulogalamuyo ikuwerengera molondola, kodi zotuluka zake zikufanana ndi zochitika zenizeni, ndipo ndani wavomereza kuti igwiritsidwe ntchito pa funso limeneli. Mu 1998 bungwe la National Research Council linalangiza asilikali kuti atsatire njira zamakono za masamu a ziwerengero. Mu 2009 ndi 2010 oyesa zida anagwirizana kuti kuyesa kwawo kuzikonzedwa m'njira ya Fisher, patatha zaka zoposa 70 buku lake litatuluka. Mu 2016 kunabwera malangizo oti choyerekeza chisamavomerezedwe chifukwa choti akatswiri ayang'ana mizere iwiri papepala n'kunena kuti ikufanana. Kompyuta iyambe yalosera, chida chenicheni chiwomberedwe, ndipo masamu anene ngati ziwirizo zikugwirizana, pakati pake komanso pa kumwazikana kwake, makamaka m'malo ovuta.

Masamuwo ndi ouma mtima. Wogulitsa akanena kuti chida chake chinayesedwa ka 10 ndipo ka 10 konse chinagwira, zimamveka ngati palibenso chokayikitsa. Komatu chida chimene chimalephera kamodzi pa kasanu kalikonse chili ndi mwayi woposa pang'ono umodzi mwa khumi wodutsa mayeso 10 otsatizana osapunthwa. Kuti munthu anene ndi chikhulupiriro cha 95 peresenti kuti chidacho chimagwira ka 9 pa ka 10, chiyenera kupambana ka 29 mosalephera n'kamodzi komwe. Kuti anene kuti chimagwira ka 95 pa 100, pafunika ka 59. Mzinga umodzi ukamadya mamiliyoni a madola, palibe boma lingawombere yochuluka chotero, ndipo n'chifukwa chake kompyuta siingapewedwe. Koma kompyutayo imakhulupirika kufikira pomwe pafika mayeso enieni amene inayerekezedwa nawo. Kupitirira apo ndi maloto a oikonza.

Mayiko ngati athu sapanga mizinga, amagula zida zoyesedwa kwina, m'nyengo zina, ndi anthu ena, kenaka n'kuzipereka kwa ana athu amene akhala akupita kukasungitsa mtendere ku DRC. Safunsa anadya phula. Aphungu, atolankhani ndi akuluakulu ogula katundu wa boma ali ndi ufulu womva mayankho omveka asanasaine: chinayesedwa kangati, kumalo otani, chinalephera kangati, ndipo ndani wosadya nawo phindu amene anaona ndi maso ake. Chida chimene sichingayankhe mafunso amenewa sichinayesedwe, ndipo chidzayesedwera pa moyo wa msilikali.